Kodi Amene Amadumpha Kwambiri Ali ndi Mafupa Olimba?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo akuphunzira ku Malaysia, ndipo amawatumizira mavidiyo a anzake a mtundu wa Malay akusewera sepak takraw, akutembenuka m'malere kumenya mpira ndi phazi kuti udutse pamwamba pa ukonde. Funso lawo ndi lakuti: anyamata ochepa thupi chonchi, kudumpha kwawoku kukusonyeza kuti mafupa awonso ndi olimba?

Mayi, nthawi zambiri zimayenderadi limodzi. Fupa ndi lamoyo, limamva likamakokedwa. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, analemba mu 1892 kuti fupa limadziumba molingana ndi katundu amene likusenza. Mbali yaikulu ya katunduyo imachokera ku minofu ikamakoka. Onani osewera tenisi: mkono umene amamenyera mpira umakhala ndi fupa lokhuthala kuposa winawo, chonsecho thupi ndi limodzi, chakudya ndi chimodzi.

Masewera amasiyananso. Kudumpha, kuthamanga liwiro la mtondo wadooka pa kamtunda kakafupi, kuima mwadzidzidzi n'kukhota ngati pa badminton kapena silat (masewera omenyana a ku Malaysia ndi maiko oyandikana nalo), zimenezi zimafuna mphamvu yoti ituluke yonse nthawi imodzi, thupi lisanadalire mpweya. Akatswiri amaitcha anaerobic, ndipo amaiyeza ndi mayeso a Wingate: munthu amapalasa njinga yoima pamodzi kwa masekondi 30 ndi mphamvu zake zonse, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kusambira n'kwabwino ku mtima, koma fupa silipindula kwenikweni poti madzi amanyamula thupi.

Nthawi yake ndi yomwe imandikhudza kwambiri. Pofika zaka 20, munthu amakhala atamanga kale pafupifupi 90 peresenti ya mafupa amene adzakalambe nawo. Ikadutsa nyengo imeneyi, ntchito yaikulu imangokhala yosunga zomwe zilipo.

Komabe musaone minofu n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Mzinda wa Kuala Lumpur, likulu la Malaysia, uli pafupi kwambiri ndi equator, dzuwa limawala chaka chonse, koma kafukufuku wa MyHeART wa University of Malaya anapeza kuti ana asukulu ambiri a zaka 13 anali operewera vitamini D, makamaka atsikana. Kutentha kumasunga anthu m'nyumba, zovala zimaphimba khungu, ndipo khungu lakuderapo limachedwa kupanga vitaminiyu. Popanda iye, kashiamu wa m'chakudya, amene amamanga mafupa, salowa bwino m'thupi. Mnyamata akhoza kudumpha bwinobwino fupa lake likusowa zomangira, ndipo chimene chingaonetse zoona ndi makina oyezera mafupa monga DXA.

Malangizo a zakudya a ku Malaysia a 2017 amati wachinyamata azipeza mamiligalamu 1,300 a kashiamu patsiku, ndipo ambiri safikapo. Mwana wanuyo muuzeni asamapatule ikan bilis mu nasi lemak yake, chakudya cha mpunga cha kumeneko. Ikan bilis ndi tinsomba touma tokhala ngati usipa, todyedwa ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Aonjezerepo mkaka ndi tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), azisewera nawo anzakewo, komanso azituluka padzuwa pang'ono manja ali pamtunda.