Mafunso Anu: Chamba cha Mankhwala ku Texas, Ndani Akuloledwa Tsopano?

Funso: Akonzi, malume anga amakhala ku Dallas, m'chigawo cha Texas ku America, ndipo msana wakhala ukuwapweteka kwa zaka ziwiri. Akuti lamulo la ku Texas lasintha. Kodi dokotala angawalembere chamba? Wowerenga, Area 25

Yankho: N'zotheka tsopano, koma chaka cha 2025 chisanafike sizikanatheka. Texas yakhala ikutsegula chitseko pang'onopang'ono. Lamulo loyamba la 2015 linkalola odwala khunyu losamva mankhwala okha basi, ndipo THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba, sinkayenera kupitirira 0.5 peresenti. Mu 2019 anawonjezera matenda a mitsempha a multiple sclerosis ndi ALS, autism (vuto la kakulidwe ka ubongo) ndi khansa yosachiritsika. Mu 2021 analola khansa iliyonse ndi PTSD (kuvutika maganizo chifukwa cha zoopsa zimene munthu anakumana nazo), n'kukweza THC kufika pa 1 peresenti. Lamulo la HB 46, loyamba kugwira ntchito pa 1 September 2025, ndilo linalowetsa ululu wokhalitsa, kuvulala kwa ubongo, matenda a m'matumbo a Crohn's, ndi odwala amene akungosamalidwa poyembekezera imfa.

Pa ululu wokhalitsa, lamulo likunena ululu waukulu wopitirira masiku 90 wochokera ku matenda okhazikika m'thupi. Kubinya msana ponyamula katundu sabata yatha sikulowa m'gululi. Amalume atenge mapepala onse a kuchipatala, zithunzi za X-ray kapena MRI, ndi mndandanda wa mankhwala amene ayesapo.

Si dokotala aliyense angalembe. Ayenera kukhala wolembetsedwa m'kaundula wa boma wotchedwa CURT, ndiponso katswiri wa matenda okhudzana ndi vuto la wodwalayo. Palibe khadi lililonse limene wodwala amapatsidwa. Dokotala amalowetsa zonse pa kompyuta, ndipo kogulitsa kovomerezeka amamufufuza munthu ndi dzina la bambo, tsiku lobadwa ndi manambala asanu omaliza a Social Security, nambala imene boma la America limazindikirira munthu. Apa ndi pamene ambiri amabwezedwa: chilembo chimodzi chikalakwika pa dzina, monga Mbewe kulembedwa Mbeve, makina samupeza. Afunikanso kukhala munthu wokhala ku Texas mokhazikika, ndipo ndalama zichoke m'thumba mwawo chifukwa inshulansi nthawi zambiri silipira.

Chimene adzalandire si ndudu yokulunga ngati ya ku Nkhotakota. Kusuta masamba n'koletsedwabe. Ndi mafuta odontheza pansi pa lilime, maswiti otafuna, zopaka, ndipo HB 46 yalolanso zipangizo zopumira nthunzi. Mlingo umodzi usapitirire 10 mg ya THC. Zotafuna zimachedwa, mwina mpaka maola awiri, ndiye munthu amati sizikugwira, n'kuwonjezera, kenako chizungulire ndi kugunda kwa mtima zimamupeza pamodzi. Ayambe ndi mlingo wochepa usiku, asayendetse galimoto, ndipo ngati amamwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena mankhwala ogonetsa, dokotala adziwe asanalembe.

Chimodzi chimene anthu athu amachiiwala: ngati amalume sanakhale nzika ya America, ayambe aonana ndi loya wa za imigireshoni. Mapepala awo amaweruzidwa ndi lamulo la dziko lonse, osati la Texas, ndipo mu 2019 ofesi ya USCIS, yoona za unzika ndi olowa m'dziko la America, inanena poyera kuti nkhani ya chamba ingalepheretse munthu kupeza unzika ngakhale chigawo chake chikuloleza.

Funso: Akabwera kudzacheza kuno, angabwere nawo mankhwalawo? Pajatu nafenso tinaloleza chamba.

Yankho: Asayerekeze. Chilolezo cha Texas chimathera m'malire a Texas. Lamulo lathu la Cannabis Regulation Act la 2020 linaloleza kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi ziphaso za Cannabis Regulatory Authority. Botolo la m'chikwama pa bwalo la ndege la Kamuzu lilibe chiphaso chimenecho. Dokotala wawo awakonzere mankhwala ena a ululu a masabata amene adzakhale kuno.