Mafani akuzungulira koma sikirini ili bii, kodi bodi yafa?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya achimwene ena a ku Zomba, ndiifupikitse. Akuti anasunga ndalama miyezi yambiri, alamu awo nkuwatumizira zipangizo pa basi kuchokera ku Johannesburg: pulosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard (bodi yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya B450 yogula kwa munthu, RAM ziwiri za DDR4 za 8GB, graphics card ya GTX 1660 Super ndi power supply ya 550W. Amanga okha mpaka usiku, akadina batani mafani akuzungulira, timagetsi tikuyaka, koma sikirini ikungolemba No signal. Ndiye akufunsa kuti kodi bodi yapsa, agule ina?

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Mafani kuzungulira kumangotiuza kuti magetsi akulowa basi, sikutiuza kuti chafa ndi chiyani, ndipo mmene mwafotokozeramu ine ndikukayikira zinthu ziwiri, zonse zosafuna kugula bodi ina.

Choyamba suzumirani kumbuyo kwa kesi, waya wa HDMI mwaulowetsa pati? Ngati uli pamwamba paja, pafupi ndi ma USB, mwaulowetsa pa motherboard ndipo pamenepo sipatuluka chithunzi olo mudikire mpaka mawa, chifukwa Ryzen 5 5600 ilibe graphics mkati mwake. Yomwe ili nazo ndi 5600G, ija ya chilembo G kumapeto. Waya wanuwo upite mmunsi, pa khadi ya graphics ija penipeni. Khadiyonso imafuna waya wake wamagetsi wochokera ku power supply, wolembedwa PCIe, muonetsetse kuti walowa mpaka kaloko kake kagwira.

Chachiwiri ndi chimene ndikuchiganizira kwambiri, BIOS, kapulogalamu ka mkati mwa bodi kamene kamazindikira zipangizo makina akamayaka. Ma bodi a B450 anatuluka 2018, pomwe ma Ryzen a 5000 anayamba kutuluka kumapeto kwa 2020, ndipo 5600 yanuyo ndi ya 2022. Soketi, malo okhalapo pulosesa pa bodi, ndi yomweyo ya AM4, pulosesa imakhala bwinobwino mmalo mwake ngati inabadwira momwemo, koma ngati mwini wake wakale sanapange update bodiyo siikuidziwa pulosesayo, imangozunguza mafani nkukhala chete. Ma bodi ambiri ali ndi timagetsi tinayi mmbali mwa RAM tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, tayang'anani kamene kakutsala koyaka. Kakakhala ka CPU pomwe mawaya onse ali mmalo, ine ndiloza BIOS.

Simunandiuze kuti bodiyo ndi ya kampani iti ndiye ndinene mbali zonse. Ena, monga MSI B450 Tomahawk Max, ali ndi kabatani kumbuyo kolembedwa Flash BIOS, kameneka kamagwira ntchito olo pulosesa isanazindikirike. Mumatenga fayilo ya BIOS pa webusaiti ya kampaniyo, ya modelo yanu yeniyeni osati yongofanana dzina, kuiika pa fulashi ya FAT32, pa MSI mumaisintha dzina kukhala MSI.ROM, kulowetsa fulashiyo pa USB yomwe anaiikira ntchito imeneyi, kulumikiza waya wa 24-pin ndi wa 8-pin, nkudina kabataniko. Kagetsi kaziphethira kwa mphindi zingapo, musakhudze kanthu mpaka kasiye kokha. Ngati kabatani kameneka kulibe, pitani kwa okonza makompyuta kapena mnzanu wa AM4 akubwerekeni pulosesa yakale, monga Ryzen 5 2600, muyatsire, mupange update, kenako mubwezeretse yanu.

Apa ndikupempheni ndithu, musapange update ya BIOS mopanda UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) kapena inveta. Mmene magetsi amathimira kwathu kuno mosatsanzika, akathima fayilo ili pakati polembedwa bodi imene inali yamoyo ija ikhoza kufa zenizeni. Bola kunyamula kesi yonse kupita nayo kwa munthu wa sola kusiyana ndi kuyesa mwayi.

Zikakanikabe, tulutsani zonse mukesi. Ndikudziwa zimawawa kumasula zomwe mwamanga usiku wonse koma njira yake ndi imeneyi. Ikani bodi pamwamba pa katoni yake, musiyepo pulosesa ndi kula yake (choziziritsira chake chija), RAM imodzi yokha, khadi ndi power supply, zina zonse monga SSD ndi mawaya a kutsogolo kwa kesi zichoke. Poyatsa gwiritsani sikuludiraiva, mukhudzitse timapini tiwiri tolembedwa PWR SW kamodzi, iyaka. Ine chaka china ndinalimbana ndi makina a msuweni wanga masiku awiri, pakatoni akuyaka bwinobwino, ndikangowabwezera mukesi zii. Nditaunika ndi tochi ya foni ndinapeza kachitsulo kamkuwa kaja komangirapo bodi, kamodzi kotsalira pamalo pomwe bodi ilibe bowo, kakukhudza kunsi kwa bodi nkumapanga shoti. Kuchotsa kameneko basi makina anadzuka. Ndiye werengani timiyendo timeneto mukesi mwanu, tifanane ndi mabowo a bodi, osaposa.

RAM nayo imanamiza anthu kwambiri. Imaoneka ngati yalowa pomwe mbali imodzi yatsala pang'ono, kanikizani ndi zala ziwiri kumapeto konse mpaka mumve kuti thaa. Pa bodi ya malo anayi ziwirizo nthawi zambiri zimakhala pa A2 ndi B2, kutanthauza malo achiwiri ndi achinayi kuwerenga kuchokera ku pulosesa, koma onani kabuku ka bodiyo. Yesani imodzi, ikakana yesani inzake, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chomwe chathandiza. Ndipo ulendo woyamba ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri, nthawi zina imazimitsa nkuyakanso yokha ikuzolowerana ndi RAM.

Waya wa 8-pin wa CPU uja wa pakona pamwamba anthu ambiri amauiwala chifukwa umabisala kuseri kwa kula, ndipo musausokoneze ndi wa PCIe, amafanana maonekedwe koma mawaya ake mkati ndi osiyana, ukamakana kulowa osaukakamiza. Poti bodi ndi yogwiritsidwa kale ntchito, chotsaninso kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zisanu pulagi ili yozula kukhoma, kuti iiwale ma setting a mwini wake wakale.

Pulosesa muichotse pomaliza penipeni, ndipo mosamala, chifukwa pa AM4 timapini tili pa pulosesapo ndipo paste, phala lija lopaka pakati pa pulosesa ndi kula, ikagwira, kula imatha kuzuka ndi pulosesayo limodzi. Ipotozeni pang'ono uku ndi uku musanakoke. Mukaichotsa iyang'aneni chammbali pa dzuwa, mizere ya timapini ikhale yowongoka, ndipo pobwezera kachizindikiro ka makona atatu kagwirizane ndi ka pasoketi, igwere yokha osaikanikiza.

Mundilemberenso dzina lonse la bodiyo monga lalembedwera pakati pake, ndi kagetsi kamene kakutsala koyaka pa tinayi tija, ndikuuzani fayilo ya BIOS yoyenera kutenga.