Nsalu zadzaza chipinda, ndingosiya kusoka?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Amasoka zofunda za zigamba, nsalu zawadzazira chipinda, zina zachita chuku, ndipo posachedwa agulanso chitenje chomwe anali nacho kale pansi pa mulu. Bambo akunyumba akuti ndalama zikungothera pa sanza. Ndiye akufunsa kuti azigula bwanji, azisunga bwanji, kapena angosiya?

Achemwali, zosiyazo ayi. Tiyambire pamenepo, chifukwa nditawerenga mtima unandiwawa.

Ine ndinakulira ku Kawale, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo kunsi kwa bedi la mayi anga kunkakhala bokosi lachitsulo lomwe ana sitinkaloledwa kulikhudza. Munali zitenje zokhazokha. Cha ukwati wa azakhali, cha Mvano, china chomwe anapatsidwa mlongo wanga atabadwa, ndi ziwiri za nkhope ya Kamuzu zomwe mbumba zinkavala kokavina. Zambiri zinali za David Whitehead ya ku Blantyre, fakitale yomwe pano ili m'manja mwa Mapeto. Thonje lenileni, lolemera m'manja, loti ukachapa likufewa osati kuyoyoka. Dzuwa likatentha mu Okutobala mayi ankatulutsa zonse, kuzikung'untha, kuziyanika pamthunzi, kuzipindanso mwa mtundu wina kuti zisathetheke pamzere umodzi. Uku akupinda uku akusimba kuti ichi ndinagula chaka cha njala, ichi anandipatsa apongozi asanayambe kundida. Analibe kope, koma panalibe chitenje chomwe sankadziwa kuti chili pati. Ndipo bambo anga, ngakhale anali munthu wolankhula pa chilichonse, sanatchulepo bokosi limenelo kuti ndi sanza. Ankadziwa kuti tsiku la maliro, la chinkhoswe, kapena mwana akabadwa kwa achibale, nkhope ya banja ituluka m'menemo.

N'chifukwa chake ndimakana zoti mzimayi azichita manyazi ndi nsalu zake. Mwamuna akaunjika matayala akutha ndi zitsulo kuseri kwa nyumba amati ndi katundu, adzagwira ntchito. Mayi akasunga nsalu yoti idzafunditsa ana mu Juni, mphepo ikulowa ndi pansi pa chitseko pomwe, akuti akuwononga. Komanso tiwerengere bwino. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo nsalu zambiri zomwe timagula mu Lilongwe muno zimachokera kunja, ku Tanzania, ku Zambia, ku China. Mitengo inakwera ife tikuona. Amene anali ndi mulu wake kunyumba anangopitiriza kusoka, ena tikuyenda m'mashopu a ku Area 2 kufunsa mitengo n'kutuluka chimanjamanja. Ndiye wowononga ndani?

Koma musasangalale msanga. Nsalu yomwe simukudziwa kuti muli nayo, ndiye kuti mulibe. Pamenepo pokha bambowo ali ndi mfundo, ndipo ine sindisintha. Chuku sichibwera pa nsalu yomwe mwini wake amaigwiragwira.

Ndipatuke pang'ono. Msika wadzaza ndi zitenje zonyezimira zomwe thonje mulibe, ndi poliyesita yekhayekha. Kuvala ku ukwati n'zabwino ndithu, koma pa zigamba zimaterereka pa makina, simbi ikatentha zimakwinyika, ndipo mukazilumikiza ndi thonje chofunda chimapotoka mukangochapa, chifukwa thonje limafupika pomwe inzakeyo siifupika. Wogulitsa sangakuuzeni, iye chilichonse ndi wax. Sololani ulusi m'mphepete mukauyatse ndi machesi kunyumba. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita amasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba. Wina anandiseka kuti ndimawotcha nsalu ngati sing'anga. Aseke, zofunda zanga sizipotoka.

Ndipo ndani anati zigamba zimafuna nsalu yatsopano? Atelala okhala m'makhonde a sitolo ku Mchesi ndi ku Biwi amasesa zidutswa tsiku ndi tsiku, zina zazikulu kuposa chikhatho. Gwirizanani ndi mmodzi, muzimupatsa kangachepe, azikusungirani m'thumba. Ku kaunjika wa pa msika wa Tsoka, malaya aamuna a thonje, aakuluakulu aja omwe anthu amawadutsa, kumsana kwake kumatuluka chigamba chabwino zedi. Anzanga ena amanyoza zimenezi, amati za kaunjika zimachotsa ulemu wa ntchito. Ine ndimati chofunda cha zitenje zowala zokhazokha chimatopetsa maso, chimafuna nsalu yofatsa pakati kuti maluwa aoneke.

Kagulidwe

Musalowe mu shopu musanadziwe chomwe mukukasoka. Funsani ngati akuyeza mamita kapena mayadi, chifukwa yadi ndi masentimita 91 basi, ndiye nsalu ya mayadi 6 imakhala pafupifupi mamita 5 ndi theka. Ya kumsana kwa chofunda ndi ya m'mphepete gulani yokwanira tsiku lomwelo. Maluwa a chitenje sakhalitsa pamsika, mukadzabwerera mwezi wamawa adzakuuzani kuti zinatha. Mukafika kunyumba chapani iliyonse payokha musanadule, makamaka zofiira ndi zabuluu zomwe zimakonda kuchucha utoto.

Kasungidwe

Adani ndi chinyezi cha dzinja, njenjete, chiswe ndi makoswe. Nsalu isalowe m'bokosi isanaumitsitse, ndipo musaimange m'jumbo. Bokosi likhale pa thabwa kapena pa njerwa, litalikirane ndi khoma, chifukwa makoma athu ambiri amakoka madzi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Pawindo ayi, dzuwa limasulutsa mbali imodzi. Zomwe zachita kale chukuzo zikung'untheni panja, muzichape ndi sopo, ziume bwinobwino. Madontho akakana, dulani potayapo, potsalapo ndi zigamba kale.

Za kalondolondo ndiye n'zosavuta, ngakhale ambiri amaziona ngati za ana asukulu. Gulani kope. Nsalu iliyonse ikalowa m'nyumba dulani kachidutswa konga chala, mukasokerere patsamba, pambali pake mulembe tsiku, komwe mwagula, mtengo, mamita, ndi bokosi lomwe yalowa. Mukadulako, fufutani nambala yakale mulembe yotsala. Zidutswa zing'onozing'ono musavutike kuzilemba, zingopatulani potengera mtundu. Kenaka jambulani masambawo pa foni, kuti mukaima pa kauntala m'mashopu a mumsewu wa Malangalanga muziyamba mwayang'ana m'foni musanatulutse ndalama.