Owerenga Afunsa: Kanema wa Bambo Amene Anayamba Kukhala Mkazi

Funso: Mwana wa mchemwali wanga, amene amaphunzira mumzinda wa Tete, anationetsa pa foni kanema wa banja lina la ku America momwe bambo wa ana anayamba kukhala moyo wake ngati mkazi, koma akazi awo sanawasiye. Kodi zimenezi ndi zoona kapena ndi sewero? Nanga lamulo lathu likuti chiyani? Ndine mayi wa ku Ulongwe, ku Angonia.

Yankho: Mayi, malinga ndi momwe mwafotokozera, kanemayo akufanana ndi From This Day Forward wa mu 2015, amene Sharon Shattuck anajambula za makolo ake enieni ku Michigan pamene iye ankakonzekera ukwati wake. Si sewero ayi, pakuti anthuwo alipodi, ndipo bambo akewo, amene tsopano dzina lawo ndi Trisha, anakhalabe m'banja ndi mayi ake.

Komabe kanema wa nkhani zoona nayenso amasankha zoti muone. Wojambula amatenga moyo wa zaka zambiri n'kuupanikiza mu ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo pamene wojambulayo ali mwana wa m'nyumbamo, sitingadabwe kuti mikangano ina imatsalira kuchipinda. Mabanja ena amatha pa nkhani yomweyi, koma kawirikawiri amene anasiyana mowawidwa mtima salola kamera kulowa pakhomo pawo. Chimene ine ndimachiona cholemera m'makanema otere ndi mawu a ana, chifukwa chimene chimawavuta kwambiri ndi manong'onong'o a anansi, kusekedwa kusukulu, ndi funso lakuti kholo lawolo azilitchula kuti ndani. Kwathu kuno, kumene malume ndi ankhoswe sangakhale chete pa nkhani ya banja, funso limeneli likanafika pa bwalo la abale onse.

Za malamulo, mu 2015 dziko la Mozambique linachotsa ndime za lamulo la Apwitikizi la mu 1886 zimene zinkaopseza amuna kapena akazi okondana okhaokha, ngakhale kuti nkhani imeneyo ndi yosiyana ndi ya munthu wodzimva kuti ndi mkazi chonsecho anabadwa mwamuna. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuchotsa kudzimva kotereku pa mndandanda wa matenda a maganizo. Mukangodutsa malire pa Dedza zinthu n'zosiyana: mu 2010 khoti la ku Blantyre linagamula Tiwonge Chimbalanga, amene anabadwa mwamuna koma amadzitcha mkazi, kukakhala kundende zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe chake ndi Steven Monjeza, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira.