Achimwene, giyabokosi ya MGB imeneyo musaipereke kwa aliyense

Achimwene, ndangowerenga mawu anu oti "giya yachiwiri ikukukuta, yachitatu ikuthawa yokha" mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa ndi momwe zinandiyambira inenso. Galimoto yanu ya MGB ndi ya 1970 ndipo ili ku Blantyre, yanga ndi MGB GT ya 1972 kuno ku Leicester ku England, koma matenda ndi amodzimodzi. Khalani pansi.

Ine ndinaipereka kwa bambo wina wa galaja yaing'ono kuseri kwa mafakitale, sindimutchula dzina, koma ena a m'gulu muno mukumudziwa chifukwa ndi inu munandilozera, ndipo sindinakukhululukireni. Munthu wake wokoma pakamwa, akuti "ma MG ndakulira momwemo." Galimoto inakhala kwa iye miyezi inayi. Ukaimba foni akuti tikudikira sipeya, ukapitako uipeza ili pakona, boneti yachotsedwa, pamwamba pake aikapo makatoni ndi kapu ya tiyi. Paja pa MGB giyabokosi situluka yokha, umayenera kuzula injini ndi giyabokosi limodzi, ndiye ikangozulidwa wagwidwa, sunganene kuti ndipatseni galimoto yanga ndizipita. Iye ankadziwa zimenezo.

Anandibwezera kutatsala masiku atatu kuti mwana wa achemwali akwatiwe, ndipo ndinali nditalonjeza kale kuti mkwatibwi achoka kutchalitchi pa MG. Ndinalipira £900. Loweruka m'mawa ndinaitsuka, akazi anga anamangirira maliboni oyera pa boneti. Popita ndinamva kuti overdrive, kachipangizo ka kumbuyo kwa giyabokosi kopatsa giya yowonjezera pa msewu wautali, ikuchedwa kulowa, ndikadina kaswitchi ka pa dashibodi imayamba yaganiza kaye, koma ndinati mwina ndi kuzizira. Ndinafika, ndinaimika moyang'ana khoma la tchalitchi, kaswitchi kaja ndinakasiya kali koyatsa, zomwe siziyenera kukhala vuto pa galimoto yabwinobwino. Mwambo utatha anthu atuluka, amayi a chigwirizano akuimba, nthungululu zili pakamwa, mafoni onse m'mwamba. Mkwatibwi walowa movutikira ndi diresi lake lija, paja galimotoyi ndi yothina, amayi awiri akumukankhira nsalu mkati. Ndaliza injini, ndaika livesi, ndikusiya kilatchi pang'onopang'ono. Yasuntha pang'ono n'kuima ngati wina waika mwala kumbuyo kwa tayala. Ine m'malo mozimitsa, manyazi anandituma kuponda mafuta. Pansi pa mpando panamveka kuti khwaa, kenako gu! Nyimbo inathera pomwepo. Kunangoti zii, mwana wina n'kufunsa mokweza kuti "amalume aphwanya chani?"

Thukuta linali kamukamu mkati mwa suti, kunja kukuzizira. Mkwatibwi anatsika, diresi linakola pa chotsekera chitseko n'kung'ambika m'munsi. Anapita ku holo pa Toyota ya alamu anga yomwe kumbuyo kunali mpando wa mwana ndi nyenyeswa za mabisiketi. Ine ndinatsala pa tchalitchi maola awiri kudikira bulekidawuni, maliboni akupepeluka, nsima ya ukwati sindinailawe. Mpaka lero achemwali akafuna kundikhazika chete pagulu amangoti "livesi."

Titatsegula ndi mkulu wina wopuma pantchito wa ku kalabu ya MG, zomwe tinapeza ndi izi. Pamwamba pa giyabokosi pali kaswitchi kamene kamalola overdrive kugwira ntchito pa giya yachitatu ndi yachinayi basi. Ukaika giya ina iliyonse, makamaka livesi, kamadula moto. Kaswitchi kameneka kamakhala pothina, kukafikira injini ili m'malo mwake n'kovuta. Bambo uja anaiwala kukasintha injini ili panja, atabwezera zonse anapeza kuti sikakugwira, ndiye m'malo mozulanso anangolumikiza mawaya awiri aja pamodzi n'kukulunga tepi yakuda. Tepi, achimwene! Overdrive ya kampani ya Laycock ili ndi kachipangizo kozungulira mbali imodzi yokha, ukabwerera m'mbuyo overdrive ili yolowa kamaphwanyika. Ndiye gu uja. Komanso anathiramo oyilo wa EP90 wonunkha uja, wa mu difu. Giyabokosi ya MGB imamwa oyilo wa injini, 20W-50, malita atatu ndi pang'ono ikakhala ya overdrive, buku la galimotoyi limanena choncho poyera. Munthu "wokulira mu ma MG" osadziwa zimenezo. Ma baulk ring a synchro, timphete tija timene timathandiza giya kulowa mosakukuta, anasintha kamodzi kokha, kotchipa, tinato anabwezeramo takale. Nditapita kukamufunsa anati mwina ndinayendetsa molakwika. Ndinangotuluka, chifukwa pa benchi panali sipanala yaikulu ndipo ndinkaiyang'ana kwambiri.

Tsopano zanu. Musathamangire kuzula injini. Yambani mwayesa livesi injini ikulira, mutaponda kilatchi mpaka pansi ndi kudikira pang'ono. Livesi ilibe synchro, ndiye ikakukutanso ndiye kuti kilatchi sikumasula bwino, vuto likhoza kukhala mpweya mu paipi, slave cylinder (kapampu kokankha kilatchi) yotha, kapena kapini ka pa pedulo kodyeka. Zimenezo ndi zotchipa ndipo makanika aliyense wa ku Ndirande azikonza tsiku limodzi. Onaninso oyilo amene alimo, mununkhize. Yachitatu yothawayo yambani ndi marabala amene giyabokosi imakhalapo, ndi rabala wa pa ndodo ya giya, akauma amaikoka. Zonsezi zikakhala bwino ndiye kuti nkhani ili mkati, baulk ring ya yachiwiri, timasipuling'i togwira giya, mwina foloko yosankhira giya yadyeka.

Musanaitanitse kalikonse dziwani kaye giyabokosi yomwe muli nayo. MGB inapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, koma giyabokosi zake ndi mitundu iwiri. Zoyambirira zili ndi synchro pa magiya atatu, yoyamba ilibe, ndipo overdrive yake ndi ya mtundu wa D. Kuyambira kumapeto kwa 1967 zinabwera za synchro pa magiya onse anayi, overdrive yake ndi LH. Zamkati sizilowana. Ya 1970 iyenera kukhala yachiwiriyi, koma galimoto yomwe yadutsa m'manja ambiri kumudzi, malume anu asanaipeze ndani akudziwa zomwe anthu anaikamo. Jambulani zithunzi mutumize muno tione. Shafiti yaikulu ya yokhala ndi overdrive ndi yosiyananso ndi yopanda, musasokoneze.

Masipeya si vuto, apa ndiye MGB inadalitsika, anapanga opitirira 500,000. Moss Europe, Rimmer Bros ku Lincoln, MGOC Spares ya MG Owners' Club ku Swavesey, Brown & Gammons ku Baldock, onsewa ali ndi mabeyaringi, ma gasket, ma oil seal, ma baulk ring ndi kilatchi. Overdrive yokha ili ndi akatswiri ake ku Sheffield, kumene Laycock inkaipangira. Pafupi ndi inu funsani a MG Car Club ku Johannesburg, akuluakulu a kumeneko amasunga zinthu m'magalaja mwawo, ndipo katundu wa ku Joni amabwera pa basi mosavuta. Giyabokosi yokonzedwa kale kuno amagulitsa mosinthanitsa, umapereka yako yakale, ukapanda kupereka amawonjezera mtengo. Kutumiza chitsulo cholemera choncho kuchokera ku Blantyre, kubweretsa china, kuikapo msonkho wa MRA, mudzalira. Tinthu tamkati ndi tating'ono, timakwana m'sutikesi. Ine ndikubwera mu Disembala, ndilembereni ku inbox, koma kilatchi yokha mundilipirire kilo chifukwa akazi anga anawerenga kale malo a nsapato zawo.

Injini ikazulidwa sinthani zonse zomwe zili panjira: kilatchi yonse ndi release bearing yake ya kaboni, oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft, kabushu ka kumapeto kwa crankshaft komwe shafiti ya giyabokosi imalowa, marabala, ndi kaswitchi kanga kaja ka pamwamba pa giyabokosi. Kayeseni ndi babu injini isanabwerere, giya iliyonse, livesi kawiri.

Giyabokosi ya kaunjika musagule, simudziwa zomwe zili mkati. Ngakhale kunena zoona yomwe ili mu yanga panopa ndinaitola pa tsiku la masipeya a MG ndi Triumph ku Stoneleigh, kwa mdala wina amene anaitsitsa m'buti ili bii ndi girisi, ndinangoizunguza ndi dzanja, kuitsuka, kusintha sefa ndi ma O-ring a solenoid yoyatsa overdrive, ndipo chaka chachitatu chino sinadandaulepo. Koma inuyo musatero. Ena muno akuuzani kuti ikanimo ya magiya asanu, Type 9 ya Ford Sierra kapena ya Mazda MX-5. Ine sindigwirizana nazo, MG yopanda kaswitchi ka overdrive kodina pa msewu wautali yataya kukoma kwake, ndipo zida zosinthira zimenezo zimadula kuposa kukonza yomwe muli nayo. Komabe galimotoyo ikanakhala yanga ndipo ndikukwera nayo chitunda cha Zomba mwezi ndi mwezi kutali ndi Sheffield, ya Mazda ndikanaiganizira kwambiri.

Makanika musamukhulupirire aliyense, tsegulani nokha ndi buku pambali. Kapena ayi, musatsegule nokha, ine nditayesa kumasula synchro hub timipira titatu tachitsulo ndi masipuling'i ake tinauluka, kamodzi ndinakapeza patatha sabata m'mbale ya galu. Pezani mdala amene anagwirapo Land Rover ndi Morris zakale, mumugulire oyilo nokha, mukhale pomwepo pa chitini kuyambira m'mawa mpaka atamanga bawuti yomaliza, ndipo zakale zonse zomwe wachotsa akupatseni m'manja muziwerenge. Galimotoyo isagone kugalaja kwake, abwere iyeyo kwanu ndi tcheni chozulira injini, mtengo wa mango ulipo.