Bwanji zithunzi za a Muholi zilibe kala?

Mayi wina amene amakhala ku London wanditumizira imelo, akuti anakaona chionetsero cha zithunzi za a Zanele Muholi, wojambula wa ku South Africa, ku Tate Modern, nyumba yoonetsera zaluso ya ku London komweko, chija chinayamba June 2024 n'kutha January 2025, ndiye akufunsa kuti munthu woti ali ndi makamera odula akujambuliranji zakuda ndi zoyera ngati za kusitudiyo za agogo athu, si fyuluta chabe imeneyi yoti aliyense atha kudina pafoni?

Achemwali, ayi ndithu, si fyuluta. A Muholi anabadwira ku Umlazi ku Durban mu 1972, kujambula anakaphunzira ku Market Photo Workshop ku Joni, sukulu imene anayambitsa wojambula zithunzi wina, a David Goldblatt, mu 1989. Zithunzi zomwe mukunenazo, zija akuyang'anitsitsa maso ali mbee, ndi za m'gulu la zithunzi zawo lotchedwa Somnyama Ngonyama ndipo amadzijambula okha, kenako pakompyuta amakweza contrast (kusiyana kwa powala ndi pakuda) dala kuti khungu lide bii kuposa mmene alili. Tangoganizani, ife kuno anthu ali kalikiliki ndi mafuta oyeretsa khungu komanso ma app owalitsa nkhope, iwo akuchita kuwonjezera kudako mwadala kuti muone bwino kuti kuda n'kukongola ndipo sakupepesa kwa aliyense. Pakanakhala kala maso anu akanathamangira kuchovala kapena kukhoma, koma apa mwangotsala inu ndi nkhopeyo basi.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi zomwe avala kumutu. Mukayandikira mupeza kuti chisoti chooneka ngati chachifumu chija ndi mapegi oyanikira zovala, pena ndi zokwechera mapoto zachitsulo zija. Zithunzi zimenezo anazitcha Bester, dzina la mayi awo, amene anagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu zaka zoposa 40 kuti alere ana asanu ndi atatu, bambo atamwalira. Ndiye mwana watenga zipangizo zomwe zinkakakalitsa manja a mayi ake n'kuzivala ngati ulemu. Ife amene tili ndi azakhali ndi achemwali akukolopa m'nyumba za anthu ku Joni ndi ku Cape Town, nkhani imeneyi sitikufunika wina atimasulire.

Palinso chithunzi china cha 2015 avala chipewa cha kumigodi ndi magalasi ake, kukumbukira anthu 34 ogwira ntchito kumgodi amene apolisi anawapha powawombera ku Marikana, ku South Africa, mu 2012.

Ngati mukufuna kuyesa inunso, foni yanuyo ikwana. Ikani black and white musanajambule, osati pambuyo, kuti muziona kuwala ndi mthunzi pomwepo, imani pafupi ndi windo m'mawa magetsi mutazimitsa, ndipo mutenge chinthu cha m'nyumba mwanu chimene chili ndi nkhani yanu, kaya ndi chitenje cha amayi kaya yunifolomu ya kuntchito. Mukajambula munditumizire pa imelo yomweyi ndione nawo.