Ahedi akuchoka, kodi mwana ndimusamutse?

Mayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kumusamutsa mwana wanu popeza ahedi amene anaikweza sukulu ya atsikanayi, kuchokera pa makalasi ochepa mpaka lero pomwe makolo akulimbirana malo, alengeza kuti akuchoka chaka chikatha. Ine ndikuti musafulumire, koma musangopindanso manja. Pitani mukaone ngati zabwino za pasukulupo zili m'mutu mwa ahediwo okha kapena anazisiyanso m'manja mwa ena.

Mantha anuwo ndi omveka. Sukulu zambiri za atsikana zimakula chifukwa cha munthu mmodzi wamakani, wokana kumva zoti mtsikana sangathe masamu ndi sayansi. Dorothea Beale atayamba kutsogolera Cheltenham Ladies' College ku England mu 1858, anapezapo ana 69 okha, ndalama nazo zitatsala pang'ono kutha. Anakhala pampandopo mpaka imfa yake mu 1906, ophunzira atayandikira 1,000. Zaka 48! Amene ankamuona akanalumbira kuti iye akadzapita basi zonse zatha. Komatu sukuluyo ilipo mpaka lero.

Amene amandigometsa kwambiri ndi Frances Buss, yemwe anayambitsa North London Collegiate School mu 1850. Sukuluyo inali ya banja lake, koma patapita zaka pafupifupi 20 anaipereka m'manja mwa bodi kuti isadzafere naye limodzi. Mu 1875 analemba ntchito Sophie Bryant kuti aziphunzitsa masamu, ndipo anagwira naye ntchito zaka zambiri. Buss atamwalira mu 1894, Bryant ndiye analowa m'malo mwake n'kutsogolera mpaka 1918. Atsikanawo sanalandire mlendo, analandira munthu amene ankawadziwa kale mayina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ahedi anzeru amayamba kukonza za kuchoka kwawo akadali ndi mphamvu.

Ndiye mukapita kusukuluko, funsani za achiwiri awo. Akhalapo nthawi yaitali bwanji? Ahedi akachokapo masabata awiri, zinthu zimayenda kapena aliyense amangodikira kuti abwere adzagamule? Funsaninso ngati aphunzitsi akale, makamaka a masamu, sayansi ndi Chingerezi, akutsala. Kawirikawiri chimene chimagwetsa sukulu si kuchoka kwa ahedi pakokha ayi, koma aphunzitsi abwino amene amalongedza katundu miyezi yotsatira, ena kuwatsatira kumene apita, ena chifukwa cholephera kugwirizana ndi atsopano. Zotsatira za mayeso zimapangidwa m'kalasi, osati mu ofesi. Chifukwa chimene ahediwo akuchokera nachonso chili ndi nkhani. Kupuma pantchito kapena kukwezedwa n'kosiyana ndi kuchoka atayambana ndi eni sukulu pankhani ya ndalama, chifukwa mkangano woterowo wolowa m'malo amaupeza ukumudikira.

Koma pali nkhani imodzi imene ine ndingaiike patsogolo pa zonsezi, chifukwa ino ndi sukulu ya atsikana. Mtsikana akavutitsidwa ndi mphunzitsi wamwamuna, mlonda kapena wina aliyense wogwira ntchito pamenepo, amakanena kwa ndani, ndipo akanena chimachitika n'chiyani? Pasukulu zina mwambo umakhalapo chifukwa anthu amangowaopa ahediwo. Palibe cholembedwa, palibe komiti, ndi maso awo okha amene amalondera. Oterowo akachoka, amene anabisa makhalidwe awo amayamba kuonekera teremu yoyamba yomwe. Mukapeza kuti malamulo analembedwa, ana amawadziwa, pali aphunzitsi aakazi ndi amatroni amene atsikana amawamasukira, ndipo bodi inachotsapo kale munthu pa mlandu wotere popanda kubisa, mtima wanu ukhale m'malo. Mukapeza kuti aliyense akungoti "ahedi ndi amene amadziwa", pamenepo dandaulani.

Kukula nakonso musakukhulupirire kwambiri. Nyumba zatsopano ndi chiwerengero chokwera zimasangalatsa pa tsiku la mphoto, koma kawerengeni ana m'kalasi imodzi, mabedi m'hositelo, zimbudzi ndi mipopi ya madzi. Kwa atsikana amene anatha msinkhu, madzi ndi chimbudzi chotsekeka bwino ndi zimene zimachititsa kuti mwana alowe m'kalasi masiku onse a mwezi. Ahedi atsopano ambiri amafuna kudzionetsa powonjezera ana, eni sukulu nawo amasekerera poti fizi ichuluka, pomwe labu ndi laibulale zikadali zomwe zija. Sukulu imene yakula mofulumira nthawi zina imafunika munthu woti aiimitse kaye n'kukonza zam'kati, ndipo nthawi zambiri woyambitsa sakhala ndi mtima umenewo. Apa ndinenepo zimene makolo sitikonda kumva: ahedi ena otchuka amakhalitsa mopitirira, moti kuchoka kwawo kumatsegulira njira aphunzitsi achinyamata amene maganizo awo ankangokanidwa.

Za mwana wanuyo, zikutengera kalasi imene ali. Ngati akulemba mayeso omaliza chaka chamawa, musamusunthe. Sukulu zimasiyana kasanjidwe ka mitu ya silabasi, ndiye akhoza kukapeza kuti anzake anamaliza zimene iye sanayambe, kuwonjezera pa kusowa anzake ndi aphunzitsi omudziwa. Ngati wangoyamba kumene, apatseni ahedi atsopanowo materemu awiri. Mumufunse mwanayo pa holide ngati aphunzitsi akulowa m'kalasi nthawi yake, ngati makope akuchongedwa, ngati nthawi yowerenga madzulo ikulondoledwa. Ana amadziwa msanga kuposa ife.

Pakali pano musaphonye msonkhano wa makolo ukubwerawu. Mukaimirire n'kufunsa a bodi kuti wolowa m'malo asankhidwa liti, akusankha ndani, ndipo agwira ntchito limodzi ndi ahedi akuchokawa kwa nthawi yaitali bwanji asanapatsidwe makiyi.